Ngozi ikachitika, woyamba kufika si dokotala

Tsiku lina chakumadzulo minibasi yomwe ndidakwera idaima mwadzidzidzi titangodutsa pamsika wina wapakati pa Dedza ndi Ntcheu. Kutsogolo kwathu Sienta idali itawomba njinga yamoto, ndipo mnyamata wa kabaza adali thapsa pa tala, patapata imodzi ili uko. Anthu adakhamukirapo, ndipo mwa onsewo padalibe ndi mmodzi yemwe wa mtima woipa. Awiri adamugwira manja, awiri miyendo, n'kumunyamula ngati thumba la chimanga, mutu uli lende. Mayi wina adatsegula botolo la madzi n'kuyamba kumumwetsa, munthu woti maso adali atatseka. Wina adafuula kuti, "Muthireni kumutu atsitsimuke!" Kenako adamupinda n'kumukankhira pampando wakumbuyo wa galimoto ina, miyendo ikulendewera pakhomo mpaka adachita kuikhotetsa kuti chitseko chitsekeke. Anyamata angapo adali mafoni m'mwamba, kujambula.

Ine ndidangoima. Mtima unkandiuza kuti khosi lija siliyenera kugwedezeka chonchija, koma ndidalibe mawu oti ndiimitse nawo gulu la anthu amene ankakhulupirira kuti akupulumutsa moyo. Chiyambire tsikulo nkhaniyi sidandichoke m'mutu.

Pa nkhani ya ngozi zapamsewu timalankhula kwambiri za mbali ziwiri. Ina ndi ya kupewa: liwiro, mowa, matayala akutha, ziphuphu za pa rodibuloko. Inayo ndi ya maliro: mauthenga achipepeso, mabokosi ochokera ku boma, ndi mawu aja oti linali tsiku lake. Pakati pa ziwirizi pali ola limodzi kapena awiri pamene munthu wavulala koma akadali moyo, ndipo nthawi imeneyi sitiikamba n'komwe. Ganizo langa ndi lakuti anthu ambiri amene timaika m'manda akadakhala nafe lero chikhala kuti ogulitsa tomato, makondakitala ndi anyamata a kabaza adaphunzitsidwa zinthu zinayi kapena zisanu zokha.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidati mu lipoti lake la 2023 anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozi zapamsewu ndizo zikutsogola pakupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Chigawo cha Africa ndicho chili ndi chiwerengero choipa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, chonsecho galimoto zathu n'zochepa. Koma chiwerengero chimene chimandigwira mtima n'china. M'zaka za m'ma 1990 dokotala Charles Mock ndi anzake adayerekeza anthu ovulala kwambiri mumzinda wa Kumasi ku Ghana ndi a ku Seattle ku America. Ku Kumasi 51 mwa 100 alionse adafa asadafike kuchipatala, pamene ku Seattle adali 21. Kusiyana kwakukulu kudali pa msewu, dokotala asadamuone n'komwe wodwalayo.

Msewu wathu wa M1 ndi wautali makilomita opitirira 1,000, kuchokera ku Nsanje mpaka ku Songwe. Mu 2019 boma, mothandizidwa ndi World Bank, lidayambitsa ntchito ya ambulansi za ngozi pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, ya nambala yaulere ya 118. Ku Kamuzu Central kudatsegulidwanso chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION. Zonsezi n'zabwino ndipo tiziyamikira. Komatu ambulansi ngakhale itathamanga bwanji singapose mayi amene wakhala pambali pa msewu ndi mulu wake wa mbatata. Ku Chiweta, ku Thabwa, panjira ya ku Nkhotakota kapena ya ku Mchinji, woyamba kugwira wovulala ndi munthu wamba, ndipo galimoto yomutengera kuchipatala ndi iliyonse imene yavomera kuima.

Ngozi sizifanana, ndipo mtundu uliwonse umasiya mabala akeake. Yoopsa kwambiri kwa okwera ndi ya kuwombana kwa galimoto zochokera mbali zosiyana. M1 ndi msewu wopapatiza, m'mbali mwake mudadyeka, ndipo dalaivala wa minibasi amene akuthamangira okwera amafuna kupitirira thiraki pachitunda kapena pokhota pomwe sakuona kutsogolo. Zikawombana, okhala kutsogolo amamenyetsa chifuwa, mawondo amakankhidwira mmbuyo, fupa la ntchafu kapena la m'chiuno n'kuthyoka. Apa ndi pamene maso amatinamiza. Fupa la ntchafu likathyoka munthu atha kutaya magazi opitirira lita imodzi m'kati mwa mwendo momwemo, kunja osaoneka ndi dontho lomwe. La m'chiuno limataya ochuluka kuposa pamenepo. Munthu wotere mukamukoka miyendo kapena kumukhazika tsonga, mafupa othyokawo amang'amba mitsempha ina. Chimene chimathandiza chili m'chiuno mwa mayi aliyense amene ali pomwepo: chitenje. Chikulungeni mozungulira chiuno cha wovulalayo, pamene pamayambira ntchafu, n'kumanga zolimba. Mwendo wothyoka umangirireni ku thabwa, ku ndodo, ku katoni yopindidwa, kapena ku mwendo unzake.

Za magazi otuluka kunja n'zosavuta kumva, koma n'zimene timalakwitsa kwambiri. Timathira dothi, ena mafuta a mabuleki, ena amangoyang'ana. Chofunika ndi kutenga nsalu yoyera, kuipinda, kuika pabalapo n'kukanikiza ndi mphamvu zonse osasiya. Nsalu ikanyowa musaichotse, onjezerani ina pamwamba. Musamatukule kuti muone ngati asiya. Ngati dzanja kapena mwendo waduka kapena magazi akuchita kutumphuka osamva kukanikiza, mangani nsalu yotakata kumtunda kwa balalo, lowetsani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi ataima, ndipo kumbukirani nthawi imene mwamangira kuti mukawauze achipatala. Chingwe chopyapyala kapena waya ayi, zimadula mnofu. Amene akuopa matenda, ndipo mantha amenewa ndi omveka, avale jumbo m'manja.

Mtundu wachiwiri ndi umene umapha anthu osakwera n'komwe galimoto. Misika yathu idamera pa msewu penipeni: Lizulu, Tsangano, Kampepuza, Lunzu, Mponela, Jenda. Pa tsiku la msika tala imasanduka bwalo. Ambiri tikukumbukira za 2019 pamene thiraki idalowa mumsika wa Kampepuza ku Ntcheu n'kupha anthu oposa khumi amene adadzuka m'mawa kukagula ndi kugulitsa basi. WHO imati munthu woyenda pansi akawombedwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola, mwayi wakuti afe umachuluka kanayi ndi theka kuyerekeza ndi yothamanga 50. Dalaivala saona kusiyana pakati pa 50 ndi 65, koma mwana wa sukulu amene akuwoloka ndiye amakumva m'thupi.

Pa ngozi yotere pamachitika chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Gulu limayamba ndi dalaivala. Ena miyala, ena akufuna petulo kuti aotche galimoto, wovulala ali gone. Madalaivala akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake ambiri akawomba munthu amathawa osaima, ndipo galimoto imene ikadamutengera wovulalayo kuchipatala m'mphindi zochepa imapita. Mkwiyo ndikuumvetsa, makamaka pamudzi pomwe aika kale ana awiri kapena atatu chifukwa cha msewu womwewo. Koma mwala uliwonse woponyedwa umaphunzitsa dalaivala wina kuti mawa asadzaime. Lembani nambala ya galimoto, itanani apolisi, mlandu udzakambidwa. Magazi sadikira mlandu.

Ndipo musanagwire aliyense, yang'anani msewu. Usiku ngozi imodzi imabala inzake chifukwa basi yobwera mmbuyo sidziwa kuti kuseri kwa phiri kuli khamu la anthu. Nthambi zamasamba zimene timaika pamsewu n'zanzeru, bola ziyambire patali ndithu, mbali zonse ziwiri, ndipo wina aime ndi tochi ya foni. Zimitsani injini. Wosuta fodya atalikire. Ikakhala thanki ya mafuta, thawani, musathamangire zigubu. Mu November 2016 ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, thanki yonyamula mafuta idaphulika anthu atazungulira kuti atungeko, ndipo oposa 70 adapsa n'kufa.

Tsopano za kabaza, pakuti apa ndi pomwe mtima wanga uli. Njinga zamoto zatithandiza, palibe angatsutse. Zafika kumidzi komwe minibasi sifika, zapatsa ntchito achinyamata amene akadakhala pakhomo. Koma ambiri mwa anyamatawa adaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira masana amodzi, alibe laisensi, alibe inshuwalansi, ndipo chisoti chikakhalapo n'chimodzi, chosamanga lamba wapachibwano, nthawi zina cha pulasitiki cha omanga nyumba. Wokwera kumbuyo, mayi ndi mwana kumsana, alibe kalikonse. Chonsecho WHO imati chisoti chabwino chovalidwa moyenera chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 alionse.

Wogwa pa njinga yamoto amavulala mutu ndi khosi, ndipo lamulo lake ndi limodzi: muyeseni wothyoka khosi mpaka achipatala atanena kuti ayi. M'kati mwa mafupa a khosi ndi msana mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Fupa litha kuthyoka mtsemphawo uli bwinobwino, kenako n'kudzaduka pomunyamula. Munthu amene akadachira m'miyezi itatu amakhala pa njinga ya olumala moyo wake wonse, chifukwa cha manja a omuthandiza. Choncho mmodzi agwade kumutu, agwire mutuwo ndi manja awiri kuti usatembenuke, ndipo asasiye mpaka kuchipatala. Chisoti musachizule pokhapokha ngati munthuyo akulephera kupuma kapena akusanza. Pomusuntha pakhale anthu anayi kapena asanu, mutu, mapewa, chiuno ndi miyendo ziyendere limodzi ngati mukugubuduza chipika. Mugonekeni pa chitseko, pa thabwa kapena pa benchi la pamsika, ndipo galimoto yabwino ndi ya pikiapu kapena lole momwe angagone chowongoka. Kumupinda pampando wa Sienta kukhale kosowa pogwira. Wokomoka amene akupuma koma akusanza mutembenuzireni cham'mbali, mutu ukadali wogwiridwa, kuti masanzi asalowe m'mapapo.

Madzi aja, Fanta uja, musamupatse. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kumana munthu madzi ndi nkhanza. Koma wokomoka sangameze, madziwo amapita kumapapo. Ndipo ngakhale ali maso, ngati akafunika opaleshoni, m'mimba modzaza mumapangitsa kuti mankhwala ogonetsa akhale oopsa. Mufunditseni nsalu kuti asazizidwe, mulankhuleni, mufunseni dzina ndi nambala ya wachibale. Zimenezo n'zokwanira.

Pali mtundu wina umene umatipweteka pa maukwati, pa maliro, pa misonkhano ya ndale ndi ya mpingo: lole yodzaza anthu kumbuyo kugubuduzika pamtsetse. Mu November 2017 pa Mapanjira ku Mzimba tidataya asilikali oposa 20 pa ngozi ya galimoto imodzi. Kumbuyo kwa lole kulibe lamba, kulibe denga, aliyense amaponyedwa kwake. Pakakhala ovulala makumi awiri, anthu amathamangira amene akukuwa kwambiri. Komatu wokuwa ndiye kuti akupuma, ubongo wake ukugwira ntchito. Yambani ndi amene ali zii, amene akupuma mokoka, ndi amene magazi akuchita kuyenderera. Oyenda okha akhale pambali, adikire galimoto yachiwiri.

Ndiye pali amene amadzuka, n'kusasa fumbi, n'kunena kuti, "Ine ndili bwinobwino, Mulungu ndi wamkulu," ulendo wa kunyumba. Abale anga, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Thupi likadzidzimuka limabisa ululu kwa maola angapo. Mtsempha wa m'chigaza utha kumadontha pang'onopang'ono munthu akuyenda, akucheza, akudya nsima, kenako usiku n'kugona osadzukanso, mawa lake pamudzi n'kuyamba kulozana zala za ufiti. Kapamba kapena chiwindi chong'ambika chimachitanso chimodzimodzi. Amene mukusunga munthu woti wachita ngozi, usiku woyamba muzimudzutsa. Mutu ukamakulirakulira kupweteka, akasanza kangapo, akamasokoneza mawu, akamangofuna kugona, magazi kapena madzi akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, m'mimba mukauma n'kumapweteka, manja kapena miyendo ikachita dzanzi, musadikire kuti kuche. Bala lolowa dothi lifunikanso jakisoni wa kafumbata.

Kupita kuchipatala msanga kulinso ndi phindu lina limene osauka ambiri amalizindikira mochedwa. Lamulo la Road Traffic Act limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi yoteteza anthu ena, ija timati third party. Ndalama imeneyi idaikidwira inu amene mwawombedwa. Koma kampani ya inshuwalansi imafuna mapepala: lipoti la apolisi, lipoti la dokotala, malisiti. Choncho nambala ya galimoto ilembedwe, kapepala ka inshuwalansi kamene kamamatidwa pagalasi lakutsogolo kajambulidwe, mayina ndi manambala a mboni ziwiri asungidwe. Mafoni amene timajambulira mitembo n'kumatumiza pa WhatsApp achibale asadamve, ntchito yake yeniyeni ikadakhala imeneyi. Buku la kuchipatala musataye, ngakhale lisiti la thiransipoti.

Chenjerani ndi zokambirana za pamsewu. Mwini galimoto amatulutsa ndalama pang'ono, akuti, "Tisavutitsane ndi apolisi, achimwene, kagulireni mankhwala," ndipo munthu woti sadagwirepo ndalama yotere amalandira. Pakatha milungu iwiri mwendo watupa, kuchipatala akuti pafunika chitsulo, mwini galimoto foni sakuyankha. Chenjeraninso ndi anthu amene amazungulira m'mawodi ndi mafomu, kulonjeza chipukutamisozi chamsangamsanga. Musasaine pepala limene simudaliwerenge kapena kuwerengeredwa ndi munthu amene mumamukhulupirira, ndipo funsani poyambirira kuti loya adzatengapo zingati. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau. Lamulo lidaika malire a nthawi yodandaulira, ndiye nkhaniyi si yoti idikire mpaka mudzakolole kawiri.

Ena anditsutsa kuti kuphunzitsa munthu wamba zachipatala pang'ono n'koopsa, adzadziyesa dokotala. Yankho langa ndi lakuti munthu wambayo akugwira kale ovulala tsiku ndi tsiku, maphunziro alipo kapena palibe. Mnyamata wa kabaza uja sadadikire dokotala, adanyamulidwa. Funso ndi lakuti anyamulidwe bwanji. Ku Ghana komwe kuja madalaivala a matakisi ndi maminibasi oposa 300 adaphunzitsidwa chithandizo choyamba kwa maola ochepa chabe, pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamsewu, ndipo pambuyo pake ambiri adazigwiritsadi ntchito pa ngozi zenizeni. Ku Germany munthu salandira laisensi yoyendetsera galimoto asadachite maphunziro a chithandizo choyamba. Ife tili ndi Malawi Red Cross Society ndi St John, amene ntchitoyi amaidziwa kale. Chikuletsa n'chiyani kuti a Road Traffic anene kuti aliyense wofuna laisensi, makamaka ya kunyamula anthu, abweretse chiphaso cha tsiku limodzi la maphunzirowa? Pamene boma likulimbana ndi a kabaza kuti alembetse njinga zawo, bwanji osawapatsa maphunzirowa kwaulere kudzera m'magulu awo a pa siteji, kuti kulembetsako kukhale ndi chowakopa? Komiti ya msika uliwonse wa pa M1 ikadakhala ndi thabwa limodzi lonyamulira wovulala ndi anthu khumi odziwa kuligwiritsa ntchito. Mtengo wake sungafike pa wa galimoto imodzi ya nduna.

Chotsutsa china n'cholemera, ndipo sindichipeputsa. Anthu ambiri a galimoto amadutsa pa ngozi osaima chifukwa amaopa kuti akafika ndi wovulala kuchipatala adzafunsidwa mafunso ngati ndiwo amuwomba, adzasungidwa kupolisi mpaka usiku, kenako azidzaitanidwa kukhothi. Mantha amenewa sangathe ndi ulaliki. Ku India khothi lalikulu lidalamula mu 2016 kuti munthu wothandiza wovulala pamsewu asakakamizidwe kupereka dzina lake kapena kusungidwa kuchipatala ndi kupolisi, ndipo pambuyo pake zidalowa m'lamulo la zamsewu. Aphungu athu angathe kuchita chimodzimodzi pa nkhumano imodzi. Apolisi ndi a unduna wa zaumoyo nawo anene poyera, pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'Chisena, kuti wovulala amalandira chithandizo kaye, za lipoti la apolisi pambuyo.

Wovulala akafika kuchipatala amafunanso magazi, ndipo magazi sagulidwa ku sitolo. A Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu, kotero nkhokwe zimachepa pa tchuthi, nthawi yomweyo ya Khirisimasi pamene misewu imadzaza ndipo mowa umachuluka. Ife akuluakulu amene timayenda pa M1 sabata ndi sabata tidakapereka liti?

Nditabwerako ku ulendo uja ndidakachita maphunziro a chithandizo choyamba. Adatenga Loweruka limodzi. M'chikwama changa cha paulendo tsopano mumakhala zitenje ziwiri zochapa, magolovesi ndi tochi yaing'ono, ndipo ndikakwera minibasi ndimayang'ana amene ndakhala nawo pafupi, n'kumawerenga kuti ndani angagwire mutu, ndani miyendo, ndani angathamangire kukaika nthambi pamsewu.